Mwezi ndi mwala, sugwetsa mwana

Mukaima pa Chonde madzulo a tsiku lomwe mwezi uli wathunthu, n'kuyang'ana kummawa komwe kuli phiri la Mulanje, mumauona ukutuluka waukulu ngati lichero, wofiirira, ngati wagona paphiri penipenipo. Ana amakondwa chifukwa usiku umenewo kuli masewero mpaka mochedwa. Koma m'makomo ena muli makolo amene akauona mtima umayamba kugunda, chifukwa anauzidwa kuti mwezi ndiwo umadzutsa matenda a mwana wawo.

Ndinakumana ndi kholo lotere m'chipinda choonera odwala. Anali mayi amene anabwera ndi mtsikana wa zaka 9, mkono utapsa kuyambira pachigongono mpaka pafupi ndi zala. Mwanayo anagwera pamoto akutakasa phala. Nditafunsa kuti kugwaku kunayamba liti, mayiwo anati:

"Chaka chino n'chachitatu, adokotala. Koma sikuti amagwa masiku onse ayi. Amagwa mwezi ukakhala basi."

"Nanga kuchipatala munayamba mwabwera naye?"

"Ayi. Agogo ake anati za mwezi sizimva mankhwala a kuchipatala. Masiku amenewo timangomusunga m'nyumba, osamulola kufika pamoto kapena kudambo."

Nditayang'ana pakalendala ndinapeza kuti tsiku limene mwanayo anapsa, mwezi unali utatha masiku khumi chikhalireni. Banja lonse linali litamasuka, poganiza kuti nyengo yoopsa yadutsa. N'chifukwa chake panalibe womuyang'anira pamoto paja.

Sindinawadzudzule mayiwo. Nanenso ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo ku koleji ya zaumoyo anatiphunzitsa zambiri za matenda a khunyu koma palibe anatiphunzitsa za mwezi. Ndaona kuti kungouza kholo kuti "zimenezo n'zabodza" sikuthandiza. Munthu amafuna adziwe kaye kuti chinthu chili kumwambacho n'chiyani. Choncho inu makolo ndi inu mavolontiya a zaumoyo, tiyeni tiuyang'ane bwino mweziwu.

Uli kutali bwanji, ndipo ndi waukulu bwanji?

Mwezi ndi mwala waukulu wobulungira womwe umazungulira dziko lathu. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 kuchokera kuno. Kutakhala kuti kuli msewu, minibasi yothamanga makilomita 80 pa ola, yosaima pa siteji iliyonse usana ndi usiku, ikhoza kutenga masiku 200 kuti ikafike.

Kukula kwake, kuyeza kuchokera mbali ina kubooleza pakati mpaka mbali inayo, ndi makilomita 3,474. Uku n'kuwirikiza pafupifupi kanayi kutalika kwa dziko la Malawi kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa. Mukafuna kuonetsa ana, tengani mpira wamiyendo muuyese dziko lapansi, ndipo ndimu muliyese mwezi. Kenako muike ndimuyo mamita asanu ndi limodzi ndi theka kuchokera pamene pali mpira. Ana ambiri amadabwa, chifukwa zithunzi za m'mabuku zimaika ziwirizi pafupi kwambiri.

Nanga bwanji umaoneka waukulu pamene ukutuluka kuphiri kuja? Amenewo ndi maso athu chabe. Tambasulani dzanja, muuphimbe ndi nsonga ya chala chaching'ono pamene ukutuluka, ndipo mudzachitenso chimodzimodzi pakati pa usiku uli pamutu. Chala chomwecho chiuphimba nthawi zonse ziwiri.

Mwezi ulibe moto wakewake. Kuwala kwake ndi kwa dzuwa, kumene kumagunda pamwalapo n'kubwerera kwa ife, monga mmene malata a nyumba ya kutali amanyezimira masana. Ndipotu mwalawo si woyera. Ndi wotuwa moderako ngati msewu wa tala wakale, ndipo umabweza gawo laling'ono chabe la kuwala komwe walandira. Ngakhale uli wathunthu, kuwala kwake kumachepa ka 400,000 poyerekeza ndi kwa dzuwa. Akale anali ataziona kale pamene ankati mwezi satungira mkanda.

Sufa, sukhala, suonda

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupemphani muyese nokha usiku uno. Zimitsani nyali zonse, musiye tochi imodzi ikuwala patebulo. Tochiyo ndi dzuwa. Mutu wanu ndi dziko lapansi. Gwirani lalanje m'dzanja lotambasula, mulikweze pang'ono kuposa mutu. Limenelo ndiye mwezi.

Mukayang'ana kumene kuli tochi, mbali ya lalanje yomwe ili kwa inu ikhala yakuda. Imeneyo ndi nthawi yomwe timati mwezi uli mumdima. Tembenukani pang'ono, muona kachigawo kowala ngati chikwakwa. Pamenepo mwezi wakhala. Pitirizani kutembenuka, muona theka. Mukafulatira tochi, mbali yonse yoyang'ana kwa inu iwala, umenewo ndiye mwezi wathunthu. Mukamaliza kuzungulira mubwereranso kumdima. Kumwamba kuja ulendo umenewu umatenga masiku 29 ndi theka, ndipo tsiku lililonse mwezi umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50.

Funso langa ndi ili: pamene mumazungulira paja, lalanje linachepako? Linachokapo? Ayi, linali lonse m'dzanja mwanu. Chomwe chimasintha ndi mbali yowala yomwe inu mumatha kuona. Mwezinso ndi choncho. Umakhalapo wonse tsiku lililonse, kaya ukuoneka kaya sukuoneka. Umboni wake mungauone ndi maso anu. Madzulo a tsiku lachiwiri kapena lachitatu mwezi utakhala, yang'anitsitsani m'kati mwa chikwakwa chija. Muona mbali yotsalayo ikuoneka mwachizimezime, yobulungira bwinobwino. Chimene chikuiwalitsa ndi kuwala kwa dzuwa komwe kwagunda dziko lathu n'kubwerera kumweziko.

Pali nthano ya makolo yonena kuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wa kumadzulo amamudyetsa bwino n'kunenepa, wa kummawa amamumana n'kuonda. Ndimaikonda nthano imeneyi chifukwa amene anaipeka ankayang'ana kumwamba mosamala: mwezi wongokhala kumene umaonekeradi kumadzulo pafupi ndi nyenyezi yowala, ndipo womwe ukutha umaonekera kummawa mbandakucha. Chomwe sankadziwa n'chakuti akazi awiriwo ndi mmodzi. Nthanda ya mmawa ndi nyenyezi yowala ya madzulo ija ndi pulaneti imodzi yotchedwa Venus.

Agogo anga ankati mwezi ukakhala chopendekeka ndiye kuti wakhuthula matenda. Kupendekekako kumangotsatira kumene kuli dzuwa lomwe langolowa kumene, chifukwa mbali yowala imayang'ana kudzuwa nthawi zonse. Akatswiri amatha kunena mmene udzapendekekere zaka zambiri zisanafike, ndipo zilibe kanthu ndi chimfine kapena chikuku.

Kumeneko kuli chiyani?

Ena mwa inu mumaonamo kalulu, ena mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Chithunzicho sichisintha chifukwa mwezi umationetsa nkhope imodzi yokha. Umadzizungulira wokha kamodzi pa nthawi yomweyo imene ukuzungulira dziko kamodzi. Mbali ya kuseri anthu anaiona koyamba mu Okutobala 1959, pamene chombo cha dziko la Soviet Union chotchedwa Luna 3 chinaijambula.

Madontho akuda omwe amapanga kalulu uja ndi zigwa zikuluzikulu. Kalekale akatswiri a ku Ulaya ankaganiza kuti ndi nyanja, ndipo mpaka lero maina ake ndi a nyanja, koma mulibe madzi ngakhale dontho. Ndi mwala wosungunuka womwe unatuluka pansi zaka zoposa mabiliyoni atatu zapitazo, n'kudzaza maenje aakulu, kenako n'kuuma. Mwala wake umatchedwa basalt, ndipo ndi mtundu womwewo umene uli m'zigwembe za mathithi a Victoria pa mtsinje wa Zambezi. Mbali zoyererako ndi mapiri akale kwambiri, a mwala wodzaza ndi feldspar. Miyala ya phiri lathu la Mulanje nayonso ili ndi feldspar wambiri, ngakhale ndi wa mtundu wina.

Phiri la Mulanje limatithandiza kumvetsa mwezi mwa njira inanso. Zaka pafupifupi mamiliyoni 130 zapitazo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi koma sunatulukire kunja. Unazizira m'kati mwa nthaka n'kulimba. Kenako mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa yomwe inaukuta, n'kusiya chimwala chomwe nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Kukokololako sikunathe. Amene munaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, miyala yaikulu ngati nyumba itatsika m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, mukudziwa mphamvu ya madzi paphiri.

Kumwezi kulibe mvula, kulibe mtsinje, kulibe mphepo, chifukwa kulibe mpweya woti munthu n'kupuma. Choncho chilichonse chimene chinachitikako chimasiya chipsera chosafufutika. Nkhope yake yonse ndi maenje a miyala yomwe inagwa kuchokera mumlengalenga. Limodzi mwa maenjewa, lotchedwa Tycho, ndi lotambalala makilomita 85, moti phiri lonse la Mulanje likhoza kukwanamo n'kutsala malo ambiri. Miyala yambiri ya kumapiri a mwezi ili ndi zaka zoposa mabiliyoni anayi. Poyerekeza ndi imeneyo, phiri la Mulanje ndi khanda.

Popeza kulibe mpweya wotchinga, masana kumatentha kupitirira madigiri 100, kuposa madzi owira, ndipo usiku kumazizira kupitirira madigiri 130 kunsi kwa ziro. Usana umodzi umatenga pafupifupi milungu iwiri, usikunso milungu iwiri. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ya kuno, moti thumba la chimanga la makilogalamu 50 mungalinyamule ngati la makilogalamu 8.

Izi sizongoganizira. Pa 20 Julaye 1969, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America anatera pamwezi pa ulendo wa Apollo 11. Pofika mu Disembala 1972, anthu 12 anali atapondako, ndipo anabweretsa miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. Dziko la China linatumiza makina omwe anabweretsa dothi lina mu 2020, ndipo mu 2024 anabweretsa la kuseri kuja. India inateretsa chombo chake cha Chandrayaan-3 chakummwera kwa mwezi mu Ogasiti 2023, dera lomwe akatswiri akulifuna chifukwa m'maenje ena osafika dzuwa muli madzi oundana.

Poyeza miyala imeneyi, akatswiri anapeza kuti ikufanana kwambiri ndi ya dziko lathu. Ambiri a iwo amakhulupirira kuti zaka pafupifupi mabiliyoni anayi ndi theka zapitazo, dziko lapansi likadali latsopano, linagundidwa ndi chinthu chachikulu ngati pulaneti ya Mars, ndipo zidutswa zomwe zinathothoka zinaunjikana n'kupanga mwezi. Oyenda pamwezi aja anasiyako magalasi, ndipo powaunika ndi kuwala kwamphamvu kuchokera kuno, akatswiri amaona kuti mwezi ukutalikira ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse, liwiro lofanana ndi mmene zikhadabo zanu zimakulira.

Monga wachipatala, nkhani imene inandisangalatsa ndi ya Harrison Schmitt, katswiri wa miyala yemwe anapita pa Apollo 17. Fumbi la kumwezi ndi lakuthwa ngati tizidutswa ta galasi chifukwa kulibe madzi kapena mphepo yolisalaza. Iye atalipuma m'chombo, anayamba kuyetsemula ndipo maso ankatuluka misozi. Ngati mukufuna munthu amene mwezi unamudwalitsa, ndi ameneyo, ndipo anachita kupita komweko.

Zimene mwezi umachitadi

Sindikunena kuti mwezi ulibe ntchito. Umakoka madzi a m'nyanja zamchere, ndipo amene munafikapo ku Beira kapena ku Quelimane munaona madzi akusefukira kumtunda n'kubwerera kawiri pa tsiku. Izi zimatheka chifukwa nyanja zamchere ndi zazikulu makilomita masauzande. Pa nyanja ya Malawi kusinthako n'kochepa moti simungakuone, ndipo m'chidebe cha madzi pakhomo panu palibe chimene chimachitika.

Ena amati popeza thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndiye kuti mwezi umakokanso madzi a mu ubongo. Ndinawerengetsa. Mphamvu imene mwezi umakokera mwana wolemera makilogalamu 30 siifika ngakhale kulemera kwa njere imodzi ya chimanga. Ndipo kumbukirani lalanje lija: mwalawo ulipo wonse tsiku lililonse, choncho kanjere kameneko sikadikira kuti mwezi ukhale.

Chachiwiri chimene mwezi umachita ndi kuwalitsa usiku. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri nyalizo sizigwira ntchito bwino, usipa n'kuchepa pamsika. Kumudzi, usiku wa mwezi ana amachedwa panja. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo mwana amene ali pabwalo sali m'neti. Pamenepo ndiye pamene kholo liyenera kuda nkhawa.

Chachitatu ndi kuwerengera masiku. Asilamu amayamba ndi kumaliza Ramadan poona mwezi, ndipo chaka chawo chili ndi masiku 354, n'chifukwa chake Ramadan imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Isitala nayonso imatsatira mwezi wathunthu.

Kuwerengera kumeneku kumafika mpaka kusikelo ya amayi oyembekezera. Mimba imatenga pafupifupi masiku 280, kapena kuti milungu 40, kuyambira tsiku loyamba la kusamba komaliza. Pa kalendala imeneyo ndi miyezi isanu ndi inayi ndi mlungu umodzi, koma powerenga mwezi wa kumwamba ndi miyezi isanu ndi inayi ndi theka. Mayi akhoza kuuona mwezi ukukhala kakhumi, apongozi n'kuyamba kunena kuti mimba yapitirira, mwina n'kufuna kumupatsa mankhwala azitsamba ofulumizitsa. Amenewo ndi oopsa, akhoza kung'amba chiberekero. Tsiku lodalirika ndi lomwe lalembedwa m'buku la kusikelo. Ndipo ngakhale timati mayi ali kumwezi, kusamba kumayendetsedwa ndi thupi lake. Ena amasamba pakatha masiku 21, ena 35, ndipo m'mudzi umodzi amayi amasamba masiku osiyanasiyana pansi pa mwezi umodzi womwewo. Ku North Carolina ku America anawerenga ana oposa 560,000 obadwa pakati pa 1997 ndi 2001, ndipo sanapeze tsiku la mwezi limene ana amabadwa ochuluka kuposa masiku ena.

Nanga bwanji zimaoneka ngati mwana amagwa ndi mwezi?

Si ife tokha amene tinaganizapo choncho. Mawu achingerezi akuti lunatic, omwe kale ankatchulira wodwala misala, anachokera ku luna, dzina la mwezi m'Chilatini. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Zomba, omwe atsamunda anatsegula mu 1910, ankatchedwa Zomba Lunatic Asylum. Koma madokotala atayamba kulemba masiku, chikhulupirirochi chinalephera mayeso. Pa chipatala china mumzinda wa Tampa ku America, anaunika kugwa kwa odwala kokwana 770 pa zaka zitatu, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti kugwa kwa khunyu sikunachuluke pa mwezi wathunthu.

Khunyu ndi matenda a ubongo. Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi, ndipo timphamvuti tikasokonekera mwadzidzidzi munthu amagwa, kuuma kapena kugwedezeka. Mwa ana ena sikugwa kwenikweni, amangoti duu kwa kanthawi osamva kuitana. Kuno kwathu zoyambitsa zake zambiri ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvutika pobadwa, kuvulala m'mutu, ndi mazira a nyongolotsi za nkhumba akalowa mu ubongo. Mwa ena choyambitsa sichipezeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo asanu ndi awiri mwa khumi alionse akhoza kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Komabe makolo samanama akamati amaona kugwa kukubwera mwezi ndi mwezi. Pa zimene ndaona pa ntchito yanga, zifukwa zake ndi izi.

Choyamba ndi mmene timakumbukira. Mwana akagwa mwezi utakhala, aliyense amati "si uja tinanena". Akagwa tsiku lina, timati mwina anatopa, n'kuiwala. Komanso mawu akuti "mwezi ukakhala" amatanuka ngati legeni. Masiku atatu usanakhale timawerengera momwemo, masiku atatu utakhala timawerengeranso, ndiye tikaonjeza masiku a mwezi wathunthu, pafupifupi theka la masiku onse lalowa kale.

Chachiwiri ndi chimene chimandipweteka kwambiri. Mankhwala a khunyu nthawi zambiri timapereka a mwezi umodzi. Akatha, kholo likasowa ndalama yoyendera, kapena likafika n'kupeza kuti mankhwala kulibe, mwana amakhala masiku angapo osamwa. Kusiya mwadzidzidzi mankhwala monga phenobarbital kumabweretsa kugwa, nthawi zina koopsa kuposa kwa poyamba. Izi zikachitika mwezi uno ndi mwezi wamawa, masiku ake amatalikirana pafupifupi 30, mofanana ndi ulendo wa mwezi. Wolakwa ndi botolo lopanda kanthu, koma mlandu umagwera kumwamba.

Kusagona mokwanira nakonso kumadzutsa khunyu. Mwana amene wachezera kumagule kapena kumasewero a usiku wa mwezi akhoza kugwa mmawa mwake. Ndipo atsikana ndi amayi ena amagwa kwambiri masiku oyandikira kusamba kwawo chifukwa cha kusintha kwa m'thupi. Zimenezi uzani dokotala, pali mmene tingasinthire kamwedwe ka mankhwala.

Ntchito yanu mavolontiya

Musakangane ndi agogo. Pemphani banja ligule kope laling'ono, kapena mung'ambe mapepala apakati pa kope lakale. Mwana akagwa alembe tsiku, nthawi, kutalika kwa kugwako, ngati anamwa mankhwala dzulo lake, ngati anagona bwino, ndi ngati thupi linatentha. Pambali pake agogo omwewo ajambule mmene mwezi unalili usiku umenewo. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, khalani nawo pansi muwerenge limodzi. Kope limenelo limatithandizanso ife kudziwa ngati mlingo wa mankhwala ukukwanira, choncho azibwera nalo kuchipatala.

Akumbutseni kukatenga mankhwala ena kutatsala masiku asanu kuti akale athe. Mankhwalawa amamwa tsiku lililonse, ngakhale mwana atatha miyezi osagwa, ndipo wosiyitsa ndi dokotala yekha. Mayi kapena mtsikana amene akumwa sodium valproate adziwitse achipatala asanatenge mimba, chifukwa mankhwala amenewa akhoza kuvulaza mwana m'mimba, koma asasiye payekha.

Munthu akagwa, muchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena msewu. Ikani chitenje pansi pa mutu, mumasule zothina pakhosi, ndipo kugwedezeka kukatha mumugoneke chammbali kuti malovu atuluke. Musamuike supuni, chala kapena kamtengo m'kamwa, sangameze lilime lake. Musamupanikize, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Khunyu sapatsirana. Malovu ake, mkodzo wake kapena mpweya umene angatulutse sizingakudwalitseni. Ndaonapo zilonda zamoto zakuya zomwe zikanakhala zazing'ono, kungoti anthu anathawa m'malo momukoka. Zoti wakhunyu akapsa ndiye kuti sangachirenso si zoona, mankhwala amagwira ntchito chimodzimodzi.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngati kugwako kwapitirira mphindi zisanu, ngati kukubwereza munthu asanatsitsimuke, ngati ndi koyamba, ngati wavulala, kapena ngati ali woyembekezera. Mwana wamng'ono amene akukomoka thupi likutentha musamuyese wakhunyu kapena wa mwezi. Akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndipo amenewo sadikira kuti kuche. Chipatala chaching'ono chikaona kuti n'zovuta chimatumiza ku chipatala cha boma ku Mulanje, ndipo kukafunika, ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Usiku umene mwezi umafiira

Pa 7 Sepitembala 2025, cha m'ma 7 koloko ndi theka madzulo, mwezi wathunthu unasanduka wofiira ngati njerwa kwa nthawi yoposa ola limodzi. Zinachitikanso pa 27 Julaye 2018. Ameneyu ndi kadamsana wa mwezi. Bwererani ku lalanje lija: mutafulatira tochi, tsitsani dzanja kuti mthunzi wa mutu wanu ugwere palalanje. Dziko lalowa pakati pa dzuwa ndi mwezi. Kufiirako kumabwera chifukwa mpweya wozungulira dziko lathu umakhotetsa kuwala kofiira, kofanana ndi kwa dzuwa likamalowa, n'kukufikitsa pamwezi. Sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi ndi yopendekeka pang'ono, moti nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunziwo. Aliyense akhoza kuonerera popanda vuto, ngakhale mayi woyembekezera kapena mwana wakhunyu.

Kadamsana wa dzuwa ndiye wofunika kusamala. Pa 21 Juni 2001 ndinali mwana wa ku pulayimale. Ku Lusaka kunada bii masana, ndipo kuno dzuwa linatsala kachigawo, nkhuku n'kuyamba kusokonezeka. Pamenepo mwezi ndiwo umalowa pakati n'kuphimba dzuwa. Kuyang'ana dzuwa mwachindunji, ngakhale litatsala kachigawo, kumaotcha m'kati mwa diso popanda kumva kuwawa, ndipo chilondacho chikhoza kukhala cha moyo wonse. Magalasi akuda wamba sateteza. Njira yabwino ndi kuboola kabowo papepala n'kuonera chithunzi cha dzuwa pansi.

Mtsikana wa mkono uja tinamuyambitsa mankhwala tsiku lomwelo, ndipo volontiya wa m'mudzi mwawo anawathandiza kuyamba kope. Patatha miyezi inayi anabwera nalo. Munali masiku awiri okha. Tsiku loyamba agogo anajambula theka la mwezi. Lachiwiri anajambula mwezi wotsala pang'ono kukhala wathunthu, ndipo pambali pake panalembedwa kuti banja linapita kumaliro n'kuiwala botolo kunyumba. Mwanayo anali atabwerera kusukulu, ngakhale mkono sunkatambasuka bwino ndipo tinamutumiza kukaphunzira masewero olimbitsa minofu.

Ndikulemba m'buku, mayi ake anandifunsa ngati n'zoona zimene volontiya anawauza, zoti kumwezi kunapita anthu.

"N'zoona, mayi. Anthu 12."

"Ndiye anakapezako chiyani?"

"Fumbi ndi miyala basi. Ngakhale udzu kulibe."

Anaseka, n'kunena kuti kumeneko ndiye ngati kumunda kwawo mwezi wa Okutobala. Ndinawalembera tsiku lodzatenga mankhwala ena, ndipo ndinalibweza m'mbuyo ndi masiku asanu.